A Zuze, Amene Ankajambulitsa Nyumba Pansi

Tinawaika m'manda Lachinayi, ndipo ine ndinabwerako ndili ndi mkwiyo. Ndikudziwa kuti munthu sayenera kuyankhula chonchi za maliro, makamaka maliro a akatekisiti amene anatumikira tchalitchi chathu kuno kwa Kanduku kuyambira ine ndili mnyamata. Koma a Benedito Zuze anali munthu wosadziwa kufulumira, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene anachichita mofulumira pa moyo wawo wonse chinali kufa. Anadwala masiku anayi basi. Anatisiyira nkhani ya ukwati wa Agnesi, mwana wa achemwali anga, ili m'malere, pomwe mboni yake anali iwowo.

Pamaliropo aliyense amene anapatsidwa mpata anayankhula zotsekemera. Wapampando wa tchalitchi anafika ponena kuti malemuwo anali munthu wofatsa, wosavuta kugwira naye ntchito. Ndinayang'ana anthu amene anakhala pansi pa mitengo, ndipo ndinaona amuna angapo akukanda m'mutu. Mabanja ambiri amene anali pamenepo anadutsa m'manja mwa a Zuze, ndipo sindikudziwa ngati lilipo limene linadutsamo osawatukwana chamumtima. Ine ndinakhala nawo mu komiti ya tchalitchi zaka zambiri ngati mlembi, choncho ndikamati mkuluyu anali wotopetsa, sindikunena zongomva.

Mu mpingo wathu wa Katolika ukwati sumangidwa chifukwa choti awiri akondana basi. Amayamba aphunzitsidwa, wowaphunzitsayo n'kusaina pepala lopita kwa bambo mfumu ku parishi, kenako ukwatiwo umalengezedwa m'tchalitchi Lamulungu katatu. Ukamangidwa wamangidwa, palibe womasula. M'matchalitchi ena a kumidzi akatekisiti ankaphunzitsa masabata awiri kapena atatu, za masakramenti ndi za kulera ana mwachikhristu, n'kusaina. Kwathu kuno munthu ankadziwa tsiku loyamba maphunziro. Lomaliza ankalidziwa ndi a Zuze okha, mwinanso ngakhale iwowo sankalidziwa.

Ankabwera Loweruka m'mawa atavala jekete lakuda limene sankalivula ngakhale mu Okutobala. Thumba lina munali korona, linalo munali mtedza wamakoko, ndipo m'manja ankanyamula timitengo tiwiri tansungwi. Buku sankalitsegula n'komwe. Mwamuna ankamupatsa kamtengo n'kukamuimika kum'mawa kwa tchalitchi, mkazi kumadzulo, kuti asaonane ndiponso asamvane.

"Jambulani pansipa nyumba yanu," ankatero. "Osati yomwe mwagonamo leroyi ayi. Yomwe mudzadzukemo chaka chamawa nthawi ngati ino. Khomo layang'ana kuti, madzi mukutunga kuti, woyandikana naye ndani, nkhokwe ili pati. Ikanimo zonse, musandibisire."

Anyamata ena ankakwiya. Ndikukumbuka wina wogwira ntchito ya mapepala a katundu ku malire, wovala nsapato zosongoka, amene anawafunsa ngati anakwera njinga mtunda wonsewo kudzalowa sukulu ya mkaka. A Zuze anangomuuza kuti asamale nsapato zingafufute khitchini. Atatero ankakhala pakhomo pa tchalitchi n'kumaswa mtedza wawo, osagawira munthu. Awiriwo akamaliza, ankawatenga limodzi kukaona zojambulazo, kuyambira kwa mkazi. Zikafanana, ankayamba kuphunzitsa zinazo. Zikasiyana ankanena mawu amodzi amene anabwera nawo kuchokera kutsidya kwa malire kumene anabadwira, akuti "Nada," kutanthauza kuti palibe chimene chachitika, ndipo aliyense ankadziwa kuti pepala lija silisainidwa sabata imeneyo.

Ankakonda kunena kuti kufunsa anthu ngati amakondana ndi ulesi, chifukwa funso limenelo palibe amene analilakwapo. Ankatinso chikondi sichikangana ndi munthu, chimene chimakangana ndi malo oika mtondo.

Sankasiya munthu. A Kachingwe ndi akazi awo a Nachisale anakhala limodzi zaka zoposa makumi atatu, ali ndi zidzukulu, pamene anaganiza zodalitsa ukwati wawo kuti ayambenso kulandira Ukaristia. Tonse tinkati awa ndiye angosainiridwa. Ayi ndithu, a Zuze anawapatsa timitengo. Nkhalamba ziwiri zinawerama padzuwa, mawondo akulira. A Kachingwe anajambula nyumba ndi nkhokwe imodzi. A Nachisale anajambula nkhokwe ziwiri, inayo ili patali, kuseri kwa nyumba ya mng'ono wawo.

"Nanga iyi ndi ya yani?" anafunsa a Kachingwe.

"Ndi imene mumadya mu Febuluwale, mukatha kugulitsa cha m'nkhokwe yanuyo."

"Zaka zonsezi?"

"Nanga mumayesa chimagwa kumwamba?"

Anakangana mwezi wathunthu, mpaka ana awo anabwera kudzatidandaulira ku komiti kuti akatekisiti akupasula banja limene linalibe vuto. Anadalitsa ukwatiwo pambuyo pake, inde, koma mweziwo tinaumva kuwawa ndife.

Ndipo asakunamizeni munthu kuti a Zuze sankalakwitsa. Panali mnyamata ndi mtsikana a ku Thambani amene anawasunga miyezi isanu ndi iwiri chifukwa chosagwirizana za komwe mng'ono wake wa mwamunayo azidzagona. Anawo anatopa, anapita ku mpingo wina, kumene anawamangitsa ukwati sabata yomweyo. Mpaka lero ali limodzi, ali ndi ana asanu ndi golosale. Nkhani imeneyi ndinkawakumbutsa pa msonkhano uliwonse. Yankho lawo linali lomwelomwelo, lakuti banja lokhazikika mu mpingo wa eni silinkawasowetsa tulo ngati banja lomangidwa kwathu n'kugwa. Bambo mfumu wina anadandaulanso kuti ophunzira a a Zuze ankafika pa guwa akudziwa mbali imene khola la mbuzi lidzakhale, koma osatha kutchula masakramenti asanu ndi awiri. Zimenezo zinali zoona.

Choncho parishi itaganiza zokonza kaphunzitsidwe ka okonzekera ukwati, ine ndinali m'gulu la oyamba kuomba m'manja. Pulogalamu yatsopanoyo inali yooneka bwino. Onse ofuna ukwati azisonkhana mu holo ya parishi ku boma Loweruka katatu. Panali kabuku kosindikiza, namwino wodzayankhula za kuyezetsa magazi, banja lachitsanzo lodzakamba za nkhanza za m'nyumba, ndipo pomaliza satifiketi. Zambiri mwa zimenezi a Zuze sankaziphunzitsa, ndipo zinali zofunika. Mpaka lero sindinasinthe maganizo pa mfundo imeneyo.

Tsiku lomwe tinakambirana nkhaniyi mu komiti, a Zuze anagontha. Khutu lawo linali lodabwitsa: linkamva munthu akunong'ona kumbuyo kwa kwaya, koma likafika pa mfundo yomwe sakuifuna linkatseka. Ndinawerenga kalata ya ku parishi kawiri. Kachitatu ndinachita kukuwa.

"Ndamva, a Gelevazio, musang'ambe kukhosi," anatero. "Muholomo mudzakhala mabanja angati?"

"Mwina makumi awiri."

"Ndiye mtsikana adzaimirira pamaso pa anthu makumi anayi n'kunena kuti pepani, ine sindikudziwa komwe ndikagone?"

Anapempha kuti m'kabukumo awonjezeremo tsamba limodzi lokha lopanda kanthu, aliyense azijambulapo payekha. Tinaseka. Mayi wina wa mu komiti anati nzeru zofunsa mkazi payekhazi a Zuze anazitenga kwa a Jafali, Msilamu wa sitolo ku Thambani amene ankasewera naye bawo tsiku la msika. A Zuze sanakane. Anati eya, a Jafali ndi amene anawauza kuti kwawoko mkazi amafunsidwa padera ngati wavomeradi, ndipo ngati nzeru yabwino yapezeka pa bawo iwo sangaisiye pomwepo chifukwa choti mwini wake sadya nkhumba. Msonkhano unatha mwachisokonezo. Tinagwirizana kuti njira zonse ziwiri zikhalepo, munthu azisankha yekha, ndipo mukudziwa kale imene anthu ankasankha.

Agnesi anasankha a Zuze. Anamubatiza ali khanda ndi iwo pa nthawi imene anadwala kwambiri, ndipo ankawatcha agogo. Ine monga malume wake ndinali nkhoswe ya kuchikazi, ndipo ndinamuchenjeza kuti akudziika yekha m'mavuto, koma mwana anaumirira.

Mwamunayo dzina lake anali Fenando, makaniko wokonza mathiraki ku malire, kwawo kupitirira Zobue pang'ono. Mnyamata waulemu, Mkatolika, woyankhula Chichewa ngati ife tomwe. Abale ake atabwera ku chinkhoswe anatidabwitsa. Kwathu kuno mwamuna amabwera ndi zochepa, chifukwa chachikulu chimene amabweretsa ndi manja ake: amadzamanga nyumba kwa mkazi n'kumalima munda wa kumeneko. Koma awa anabwera ndi mbuzi, nsalu, bulangete la achemwali anga, mpaka jekete langa. Tinayang'anana n'kumati mwana wathu wagwera m'banja la anthu opatsa. Palibe amene anafunsa kuti mbuzizo zikutanthauza chiyani. Ine, nkhoswe, ndinangoyesa jeketelo n'kuona kuti likundikwana.

Tsiku la ukwati tinalikonza kuti likhale titangokolola. Amayi anayamba kukonola chimanga, kwaya inayamba kuphunzira nyimbo, achibale a ku Blantyre ndi ku Neno tinawatumizira uthenga. Loweruka loyamba la maphunziro ndinawaperekeza anawo, cholinga changa chili choti a Zuze akandiona achite manyazi, asatichedwetse.

Agnesi anajambula mofulumira, akuimba. Nyumba yake inali pafupi ndi ya mayi ake, mtengo wa mango pakati, kanjira kopita ku mjigo, kena kobwera ku tchalitchi. Tinazungulira khoma kupita kwa Fenando. Iye anajambula mwaluso, mizere yowongoka ngati munthu wozolowera zitsulo. Panali nyumba, pambali pake kanyumba kena, kumbuyo kamtanda, ndipo kutsogolo mzere wautali wodutsa chojambula chonse.

"Mzerewu ndi chiyani?" anafunsa a Zuze.

"Msewu wa ku Tete, aphunzitsi."

"Kamtandaka?"

"Manda a bambo anga."

"Nanga malire ali mbali iti?"

Fenando analoza kumbuyo kwake ndi kamtengo kaja. Agnesi anayamba waseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Ataona kuti akuseka yekha anasiya.

"Fenando, nyumba imeneyi ili kwanu?"

"Nanga ikhale kuti? Amayi saona bwino, ukudziwa. Mwana wamwamuna ndine ndekha."

"Koma amalume anakusonyeza malo omanga kwathu."

"Anandisonyeza malo, ine ndimayesa ndi pomwe tizidzafikira tikabwera kudzacheza." Kenako anatembenukira kwa ine, mwaulemu wake womwe uja. "Amalume, nanga mbuzi zija munalandira kuti ndi za chiyani?"

Kwawoko, mbuzi zikalandiridwa ndiye kuti mkazi apita kwa mwamuna, ndipo ana adzakhala a kumeneko. Ife tinalandira mphatso, iwo anapereka malowolo, ndipo mbali zonse ziwiri tinabalalika tsiku lija tikuyamikirana. A Zuze anaswa mtedza wina, anautafuna bwinobwino, n'kunena "Nada" wawo uja.

Ndinawatengera pambali. Ndinawauza kuti nkhani ya malo okhala ndi ya ankhoswe, si ya tchalitchi, ndipo tidzaikonza ukwati ukatha.

"Ankhoswe ake ndinu," anatero. "Mwakhala miyezi ingati osafunsa? Itanani a kwa mwamuna, tikhale pansi. Ngati mukuopa ulendo ndipita ndine, njira ndikuidziwa."

"Aphunzitsi, chimanga chakonoledwa kale. Anthu tawauza."

"Chimanga chokonola sichiola mwezi umodzi."

"Mukudziwa zimene anthu anganene ukwati ukaimitsidwa? Adzati mwanayu ali ndi mimba ya wina, kapena kuchipatala awapeza ndi kanthu. Mudzatseka pakamwa pa mudzi wonse inuyo?"

A Zuze anati iwo anthu a m'mudzi sakuwaopa, chifukwa ukwatiwo sakakhalamo ndi a m'mudzi. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawauza kuti nthawi yawo inatha, kuti parishi ili ndi njira ina, ndipo kuti mwana wa achemwali anga sakhala choseweretsa cha nkhalamba ndi timitengo take. Mawu amenewo ndinawanenadi, pakhomo pa tchalitchi, anawo akumva.

Zimene ndinachita pambuyo pake sindinazinenepo pagulu. Ndinapita kwa Agnesi payekha n'kumuuza kuti ndayankhula ndi a kwa mwamuna, ndipo tagwirizana kuti akakhala kutsidyako miyezi yochepa chabe, mpaka apongozi ake atachitidwa opaleshoni ya maso, kenako onse adzabwera kudzamanga kwathu. Ndinapita kwa Fenando kumalire, ndinamupeza ali pansi pa thiraki, n'kumuuza kuti mtsikanayo wavomera, kungoti asamaikambekambe nkhaniyo chifukwa ikumuliza. Sindinayankhule ndi wachibale wake aliyense. Za opaleshonizo ndinangozipeka ndili m'njira. Ndinkadziuza kuti akakhala limodzi adzazolowerana, mmodzi adzagonja, monga amachitira anthu onse.

Ndinawalembetsa ku holo ya parishi. Loweruka katatu, satifiketi inatuluka. Bambo mfumu anali atangofika kumene m'parishimo, ndipo atawafunsa ngati akulowa m'banja mwa kufuna kwawo, onse anavomera ndi mtima wonse, aliyense akuvomera zake. Kulengeza ukwatiwo kwathu kuno inali ntchito ya akatekisiti, ndiye a Zuze anaulengeza katatu konse, mawu ali gwa, osandiyang'ana. Anakwera njinga kupita ku parishi kukadandaula, koma anauzidwa kuti kusagwirizana za malo si choletsa ukwati ngati eni ake akuti anakambirana. Pa tsiku la ukwati anabwera, anakhala kumbuyo, sanadye.

Agnesi anakhala kutsidyako zaka ziwiri. Anabereka mwana wamkazi. Tsiku lina anafunsa mwamuna wake kuti opaleshoni ija idzachitika liti, ndipo Fenando anamufunsa kuti opaleshoni yake iti. Sanamenyane, sanatukwanane. Fenando sanali munthu woipa, ndipo sakanasiya mayi wosaona yekhayekha. Agnesi nayenso mayi ake anali atayamba kudwaladwala, munda wake uli kuno, ndipo mwana amene ankamuyesa wa mbumba yathu ankauzidwa kuti ndi wa kwa bambo ake. Agnesi anabwerera kuno ndi mwanayo kumbuyo ndi kachikwama kamodzi. Fenando anabwera katatu kudzamutenga. Kachinayi sanabwere, ndipo tinamva kuti watenga mkazi wina woti azisamala mayi ake.

Kuyambira pamenepo Agnesi wakhala mkazi wa mwini m'buku la mpingo, koma wopanda mwamuna pakhomo. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano. Pali mphunzitsi wa ku pulayimale ku Thambani, amene mkazi wake anamwalira, yemwe wakhala akumufuna mwaulemu kwa zaka zitatu. Agnesi amamufunanso, sabisa. Koma akuti sangalowe m'nyumba imene ingamuchotse pa mzere wa Ukaristia, ndipo mphunzitsiyo sadzadikira mpaka kalekale. Kwa ine Agnesi sananenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Amandipatsa moni, amanditumizira ndiwo ndi mwana wake. Bola akanandilalatira.

Amene sanandisiye ndi a Zuze. Anthu ena akapambana mkangano amakhala chete, kukusiya udzimvere wekha. Awa ayi. Kulikonse kumene tinkakumana moni wawo unali umodzi: "Mwadzuka bwanji, a Gelevazio? Nanga Agnesi akukhala kuti masiku ano?" Chonsecho ankamuona Lamulungu lililonse, ndipo njira ya kumunda kwawo inkadutsa pakhomo pake penipeni. Ankandifunsa ku msika, ku chigayo, pa maliro a anthu ena. Tsiku lina pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mtendere wa Ambuye, a Gelevazio. Agnesi akukhala kuti?" Ndinatsala pang'ono kutuluka m'tchalitchi. Ndinayamba kuzungulira njira ya kudambo pofuna kuwapewa, munthu wamkulu ngati ine, mpaka nsapato zinatha ndi matope.

Chaka chathachi anabwera kunyumba kwanga masana, koyamba chichitikire mkangano uja. Anakana mpando. Anati anamva kwa wansembe wina wodzacheza kuti mpingo uli ndi khoti lake ku tauni, limene silimasula ukwati, koma limafufuza ngati unamangidwadi bwino kuyambira pachiyambi. Likapeza kuti wina analowamo atanamizidwa pa nkhani yaikulu, limatha kugamula kuti ukwatiwo sunalipo n'komwe, ndipo munthuyo amakhala mfulu. Anali atapita kale ndi Agnesi ku parishi pa pikapu, mafomu atalembedwa, iwo atadzilembetsa ngati mboni.

"Ine ndikanena zimene ndinaona pansi paja, ndi zimene mwanayu anandiuza atabwerako," anatero. "Koma ine ndi wongomva. Amene anayenda pakati pa awiriwa ndi wina."

"Ine ndilibe choonjezera," ndinayankha.

"Ayi, zikomo. Ndimati mwina muli nacho."

Ananyamuka, ndipo atafika pa mpanda anatembenuka n'kundifunsa funso lawo lija. Ndinalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Mumtima ndinkati apite okha, akanene zawozo, mwina zikakwanira, ine dzina langa lisatchulidwe pamaso pa ansembe. Mlembi wa tchalitchi, wowerenga Mawu pa guwa, akaime n'kunena kuti ndinanamiza mwana wa mlongo wanga chifukwa choopa manyazi a chimanga chokonola? Ndinasankha kudikira, ndipo a Zuze anadikira nawo, akumapita ku parishi mwezi uliwonse kukafunsa ngati kwabwera yankho, mpaka a mu ofesi ankati akawaona pa geti ankayamba kupukusa mutu asanafike n'komwe.

Atagonekedwa ku chipatala cha ku Thambani ndinapita kukawaona tsiku lachitatu la matenda awo, dzuwa lili pamutu. Anali atavulidwa jekete, ndipo ndinadabwa kuona kuti anali munthu wamng'ono chotero. Anandizindikira. Anandifunsa za mvula, za mbuzi zanga, za denga la tchalitchi limene likudontha mbali ya kwaya. Ndinakhala pamenepo ndikudikira funso lija, nditakonzeka kukwiya. Sanalifunse. Ndinatuluka ndili ndi mantha amene sindinawamvepo chiyambire, ndipo m'mawa mwake uthenga unafika.

Patatha sabata chiikireni maliro, wa njinga ya kabaza anandiuza kuti anapatsidwa kalata ku parishi ya a Zuze, ndipo posadziwa kuti anamwalira anakailowetsa pansi pa chitseko chawo. Ndinamuitana Agnesi, tinapita limodzi m'mawa womwewo.

Nyumbayo ili payokha kumapeto kwa mudzi, pamwamba pa kachitunda. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo ana awo atatha maliro anatenga wailesi ndi mipando n'kubwerera ku Blantyre, chitseko atachimanga ndi waya. Ndinamasula wayayo. Kalata inali pansi, chiswe chitayamba kale kudya ngodya imodzi. Inkaitana a Benedito Zuze kuti akaonekere ku khoti la mpingo lija Lachiwiri la sabata yotsatira, akafotokoze zimene akudziwa pa malonjezo amene anaperekedwa kwa mkwati ndi mkwatibwi ukwati usanachitike.

Agnesi anaiwerenga kawiri, anaipinda bwinobwino n'kundibwezera.

"Ndiye basi zatha, amalume?"

Mkwiyo wonse umene ndinabwera nawo kumanda unandibwerera. Nkhalamba imeneyi inandizunza zaka zisanu ndi zinayi, ndipo itatsala masiku ochepa kuti indisenzere katundu wanga, inagona pansi n'kundisiyira. Ndinafuna wina woti ndimukalipire, koma panalibe.

"Sizinathe," ndinatero. "Lachiwiri tikwera pikapu yoyamba. Opaleshoni ija ndinaipeka ndine, ndipo ndikanena pamaso pawo."

"Ndimadziwa, amalume," anayankha. "Ndimangodikira kuti mudzanene nokha."

Anatsika kachitundako kupita kwawo, ine ndinatsala kuti ndimangenso waya uja. M'nyumbamo munalibe kanthu koma mphasa yopindidwa ndi kalendala ya chaka chatha pakhoma. Pakhonde mbuzi za eni zinali zitagona kale ngati kwawo. Mitengo yawo itatu ya manachesi yabereka kwambiri chaka chino, nthambi mpaka kugunda pansi, ndipo zipatso zikungogwa n'kumaolera pomwepo chifukwa ana a m'mudzi akuopabe kulowa pabwalopo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kalata ili m'manja, ndikuyang'ana njira ya kumunda kwawo imene udzu wayamba kale kuitseka. Mawu amene ndinawakaniza zaka zonsezi ndinali nditawanena tsopano, pakhomo pawo penipeni, koma m'malo mwa a Zuze anawamva ndi mbuzi.